Mkazi wa Papepala

Kabwata, Lusaka
7 Juni 1994

Amayi,

Akundilanda mwamuna. Kaya ali moyo kaya anafa sindikudziwa, amene akudziwa ndi mkazi wina wa ku Chelstone, ine ayi. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikati ndiyambe ndi moni mwina sindifikapo.

Muli bwanji kumudziko? Mawondo aja akukulolani kupita kudimba? Kuno Kunda ali bwino, watulutsa mano awiri a m'mwamba, koma chisanu cha chaka chino chamupatsa kachifuwa. Ine thupi lili bwino.

Mukukumbukira kuti a Hector, bambo a Kunda, ananyamuka mu Febuluwale ndi asilikali anzawo kupita kudziko lija la njala ndi nkhondo. Ponditsanzika anati ntchito yawo ndi kuyendetsa lole basi, kuperekeza chimanga cha chithandizo kuti zigawenga zisalande panjira. Anati kumeneko mfuti ndi yongokoleka paphewa. Tsono Lachisanu ndikusita zovala kuntchito ku Kabulonga, wailesi ya amadamu inatchula dzikolo kangapo m'Chingerezi. Amadamu anaika kapu pansi n'kundiyang'ana. Anandimasulira kuti asilikali a mayiko angapo anapita kukagwira mkulu wa zigawenga, zinthu sizinayende, ena afa, ena sakuoneka. Malaya a abwana ndinawawotcha pakolala.

Loweruka ndinabereka Kunda mpaka pageti la kampu. Msilikali wa pageti anatsegula buku, anayendetsa chala pa mayina, ndipo anati, “Mkazi wa ba Hector tinamuuza kudala, motoka inayenda ku Chelstone dzulo. Nanga imwe ndimwe ndani?” Ndinati ndine mkazi wawo. Anayang'ana Kunda kumsanaku n'kunena kuti otere amabwera ambiri, ndichoke pageti.

Amayi, pali chimene ndinakubisirani. Msilikali wosakwatira amagona m'kampu, m'chinyumba chimodzi anthu ambirimbiri ngati ana a sukulu. Kuti amulole kukhala kunja ayenera kuonetsa pepala la ukwati. A Hector, tisanadziwane, anatopa nazo zimenezo. Mnzawo a Killian, aatali aja anabwera kwathu ngati nkhoswe yawo, amene ankaopa galu wathu mpaka kukwera pangolo, anali ndi mlongo wawo dzina lake Barbara. Mwamuna anamuthawa n'kumusiyira mwana wodwaladwala. Anapangana atatuwo. A Hector ndi Barbara anakasaina pepala, a Hector anapeza chilolezo chokhala ku Kabwata, Barbara anapeza khadi loti mwana wake azilandira mankhwala kuchipatala cha asilikali. Nyumba imodzi sanagonemo, ndi mmene a Hector anandiuzira. Anandiuza ndili ndi pakati pa Kunda, akuseka, amvekere ndi pepala chabe, tsiku lina adzakonza. Ine ndinaseka nawo, kupusa kwanga.

Lero pepalalo ndi limene lalandira galimoto ya boma pakhomo. Ine ndamva pa wailesi ya eni ake ngati wodutsa m'njira.

Musauze munthu kumudziko kufikira nditadziwa zoona. Ndakutumizirani shuga ndi sopo kudzera kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata yemwe watenga kalatayi, mukafunse pa sitolo ija ya pa Katete monga mwa nthawi zonse. Ndapempha kwa amadamu, mawa ndikupita ku Chelstone. Mkaziyo sindinamuonepo chibadwire.

Ndine mwana wanu,
Fostina

Kabwata
13 Juni

Amayi okondedwa,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ndikhulupirira katundu anafika. Kunda chifuwa chachepa. Ife tilipo.

Ku Chelstone ndinapeza maliro. A Killian anafa, Amayi. Mtembo ubwera pa ndege sabata ino. A Hector sanawapeze, dzina lawo lili pa osowa.

Nkhani yake ndi iyi, monga mkulu wa asilikali anafotokozera Barbara, Barbara n'kufotokozera ine. Munthu wa komweko, amene akuluakulu otsogolera ankamudalira, analoza nyumba ina pafupi ndi msika kuti mkulu wa zigawenga ali mmenemo. Anapita masana dzuwa lili pamutu, mahelikopita m'mwamba, malole pansi, ati ntchito ya ola limodzi. Ataphwanya chitseko anapeza anthu ali pa mwambo wa ukwati. Mkulu wa zigawengayo munalibe. Wina anawombera ndi mantha, azimayi anagwa. Basi mzinda wonse unadzuka, anthu omwewo amene dzulo lake ankalandira chimanga m'manja mwawo. Anatseka misewu ndi matayala oyaka ndi zitsulo za magalimoto akufa. Malole ena anakwanitsa kubwerera, ya a Hector inalowa kanjira kosatulukira kwina, ndipo anaiphulitsa. A Killian anakhala pambali pawo kutsogolo.

Ndalira mokwanira, koma ndikuuzeni chimene chikundisowetsa mtendere. Ine ndinkaganiza kuti Barbara ndi chimayi chotopa cha pamsika. Ndi wokongola, Amayi. Wamtali ngati mlongo wake, kampata kumano, khungu losalala ngakhale walira masiku asanu. Amagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, kumsika wa Soweto, ndipo katundu wina amakaoda kunja, ali ndi pasipoti. Akazi a asilikali anabwera ambiri atavala zitenje zofanana, anamuzungulira pamatiresi n'kumamupepesa kawiri, za mlongo ndi za mwamuna. Polira m'Chibemba ankatchula a Killian, kenaka a Hector, kenaka a Killian. Ine anandiona ndili chiimire ndi mwana kumsana, mayi wina n'kundipatsa beseni la mbale kuti ndikatsuke kuseri. Ndinatsuka.

Dzuwa litapendeka Barbara anandiitanira kuchipinda. Ananditcha bana Kunda, ndiye kuti amake Kunda m'chilankhulo chawo. Anati akudziwa kuti mkazi ndi ine, chilichonse chimene angamve adzandiuza tsiku lomwelo, koma pamaso pa anthu a kukampu ndizikhala chete. Ananyamula Kunda n'kunena kuti makutu awa watengera Hector. Amangoti Hector, Amayi, dzina lokhalokha ngati akuitana mwana wake. Ine amene ndinawaberekera mwana sindinayesepo. Ndipo makutu a mwamuna wa mwini anawayang'anitsitsa liti?

Pakhoma la chipindacho pali chithunzi, a Killian ndi a Hector atavala yunifomu, Barbara pakati. Dzanja la a Hector lili paphewa pake. Chikanakhala pabalaza ndikanamvetsa. Koma kuchipinda chogona?

Mtedza musagulitse wonse kwa mavenda, mundisungireko wa phala la Kunda. Ufa kuno ukukwera sabata ndi sabata chichotsere makuponi a boma ogulira ufa aja, anthu akungogula wa pambale. Mundipempherere.

Fostina

Kabwata
27 Juni

Amayi,

Ali moyo.

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndalandira. Mwandikalipira chifukwa chobisa, ndavomera, ndinalakwa. Kunda ali bwino, akudya chilichonse chimene wapeza pansi.

Anthu a mumzinda muja anawatola atapsa, anawasunga m'nyumba ina masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, kenaka akuluakulu a komweko anawabweza kwa anzawo. Manja onse awiri apsa, lamanja kwambiri, ndi ntchafu. Ali m'chipatala cha matenti, adzawabweretsa akalimbako. A Killian tinawaika Lachinayi lapitalo, mfuti zinalira kumanda mpaka Kunda anandikodzera kumsana.

Kalata yawo inabwera. Sangagwire cholembera, ndiye anawalembera namwino wa kumeneko m'Chingerezi. Inafikira ku Chelstone, pakuti m'buku mwalembedwa kumeneko. Barbara anabwera nayo yekha mpaka pageti ku Kabulonga, ili yotsegula kale. Anandiwerengera akumasulira titaima pomwepo, galu wa abwana akuuwa. Ati moni kwa Fostina, asade nkhawa, asamalire Kunda, wailesi yanga asabwereke munthu, ndibwera. Ndinaseka ndikulira, za wailesizo ndi iwo ndithu. Barbara anandikumbatira, amanunkhira mafuta okwera mtengo.

Ndinapempha kuti andisiyire kalatayo. Anazengereza kaye, kenaka anandipatsa. Kuzengereza kumeneko n'kumene kunandituma kwa amadamu. Amadamu anawerenga zomwezo, koma atafika pamene Barbara analekezera iwo anapitiriza. Ati, Barbara, Killian sanafe yekha, ndinamugwira mutu mpaka moto unandifika. Ati, zimene unandichitira sindidzaiwala, ndiwe wekha wanditsalira wa masiku aja.

Barbara anadumpha mizere imeneyi, Amayi. Anandiyang'ana m'maso n'kupinda pepala ngati latha. Amadamu akuti mwina sakanatha kuwerenga mokweza za imfa ya mlongo wake pamsewu. Amadamu ndi anthu ophunzira, amakhulupirira aliyense. Ine ndikufunsa, masiku aja ndi masiku ati? Anawachitira chiyani chosaiwalika, kusaina pepala basi? Chingerezi sindiwerenga koma dzina langa ndimalidziwa, lake ndalidziwanso tsopano. Ndinayendetsa chala. Mizere yanga ndi itatu, yake isanu.

Ndikudziwa kuti ndiyenera kungothokoza Mulungu. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, ndinaimba nawo, ndinagwada. Koma pakati pa pemphero ndinapezeka ndikuwerenganso mizere ija mumtima.

Nsapato za pulasitiki zimene munapempha ndaziona ku Soweto, ndidzatumiza mwezi ukatha. Sindinagule tsikulo chifukwa benchi lake layandikana ndi la Barbara.

Mwana wanu,
Fostina

Kabwata
8 Julaye

Amayi,

Moni. Pepani ndi nkhuku zatha ndi chitopazo. Mtedza unafika, zikomo kwambiri. Kunda wayamba kuima chogwira mpando.

A Hector anafika Lachiwiri, ali kuchipatala cha asilikali. Kubwalo la ndege anatenga Barbara pa galimoto ya boma. Ine ndinali ndikukolopa ku Kabulonga.

Kuchipatalako lamulo ndi lakuti wodikirira wodwala ndi mmodzi, mkazi wake, ndipo amakhala ndi khadi la chithunzi. Barbara anabwera kuno kudzandikhazika pansi. Anati zikadziwika kuti pepala lija linali labodza, a Hector adzaimbidwa mlandu wonamiza akuluakulu awo, ndipo wamlandu samutumiza kunja kukalandira chithandizo. Pakuti nkhani ina ndi iyi: dzanja lamanja lapsa mpaka mkati, madokotala akuno ati sangalithe. Akonza zoti pa 27 mwezi uno awatumize ku Joni, kumene amasenda khungu pena n'kulimata pena. Miyezi itatu. Ndipo wodwala amapita ndi mkazi wake.

Ndinamufunsa kuti mkazi wake uti. Anayang'ana pansi n'kunena kuti ine ndilibe pasipoti, ndili ndi mwana woyamwa, Chingerezi sindimva, ndipo dzina la m'buku ndi lake. Anati nayenso sakufuna, malonda ake afa miyezi itatu yonseyo, mwana wake atsala ndi anthu. Zonse ananenazo ndi zoona, n'chifukwa chake zikuwawa.

Ndiye pageti amandilowetsa ngati wantchito wake wonyamula chakudya, ola limodzi masana. Amadamu andilola kumachoka nthawi imeneyo, ndimadula njira ya ku Woodlands wapansi. Pamaso pa anamwino Barbara sanditchanso bana Kunda. Amati iwe Fostina, ika apo.

Ndinawaona, Amayi. Aonda, atsala maso okha. Manja onse awakulunga ngati mitsamiro. Atandiona misozi inatsika, sakanatha kuipukuta, ndipo ndisanasunthe phazi Barbara anali atawapukuta kale ndi kansalu. Amadziwa kuwatembenuza osawapweteka. Amadziwa kuti madzi amamwa ndi kapaipi, ndi kuti phala lizikhala lamadzimadzi. Masiku atatu okha wadziwa zonsezi. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi nditagwira bakuli.

Ndi ine analankhula pang'ono. Anafunsa za Kunda, anati ndipirire, zitha. Ndi Barbara amalankhula Chibemba chothamanga, ine ndimangotolako dzina la a Killian ndi mawu oti nyumba. Dzulo anatembenukira kukhoma n'kunena m'Chinyanja kuti m'nyumba ya ukwati ija munali mtsikana wovala zoyera. Ndinafunsa kuti kenaka chinamuchitikira n'chiyani. Barbara anandipukusira mutu kuti ndisiye. Ndiye kuti iye akudziwa kale. Ngakhale zowawa zawo amagawira iye.

Munalemba kuti pamphasa ya wodwala sapikisanirapo. Ndikuyesa, Amayi. Ndimaphika, ndimanyamula, ndimati zikomo amadamu kwa mkazi amene wakhala pampando wanga.

Fostina

Kabwata
15 Julaye

Amayi,

Kalata iyi musapatse mwana wa sukulu kuti akuwerengereni. Itanani amayi aang'ono, muwerenge awiri kuseri kwa nkhokwe.

Moni. Tili bwino, kungoti mkaka wanga wachepa, Kunda akuvuta.

Lachitatu a Hector anali ndi opaleshoni yaing'ono yotsuka bala la pantchafu, m'mwamba mwenimweni. Ndinalawira ndi phala, mlonda anandimvera chisoni n'kundilola kukhala pabenchi la pakhonde la wodi. Namwino anatulukira ndi kabeseni, sopo ndi lumo latsopano, n'kufunsa kuti mkazi wa wodwalayu ali kuti, amumete malo onse asanamutenge. Ndinadzuka, Amayi, miyendo inadzuka yokha. Barbara anandiponda chala, analandira beseni, analowa, nsalu yotchinga n'kuikoka.

Inu ndi alangizi munandikhazika pansi tsiku la chinkhoswe. Munati lumo la mwamuna ndi la mkazi mmodzi, ngakhale mayi womubereka salikhudza, ndipo mkazi wina akameta pamenepo ukwati wapita limodzi ndi tsitsilo. Munandiphunzitsa kagwadidwe kake, kuomba m'manja kwake, ndi kokataya kwake. Zonsezo ndakhala ndikuchita mwezi ndi mwezi, osaphonya. Ndinakhala pabenchipo kumvetsera madzi akulira m'beseni.

Atatuluka anapita kukasamba m'manja osandiyang'ana. Kunja ndinamugwira chitenje. Anati sanakhudze. Ati anaitana wantchito wamwamuna wa mu wodi kudzera mbali inayo, iye anangogwira beseni nkhope ili kukhoma. Ati kwawonso mwambowo ulipo, sanakule ngati nyama. Wantchitoyo ine sindinamuone akulowa kapena kutuluka. Anati ndikamufunse. Ndikamufunse kuti chiyani, ine wonyamula chakudya?

Dzulo a Hector atatsitsimuka ndinapeza mpata Barbara atapita kukatenga mankhwala. Ndinawafunsa monong'ona kuti anawameta ndani. Anati, “Fostina, ine ndikununkha ngati nyama yowola, mnzanga anapsera pamiyendo panga, iwe ukufunsa za lumo?”

Sanayankhe, Amayi. Taonani bwino, sanayankhe.

Ngati pano, ine ndili pakhonde, zafika pa lumo, nanga ku Joni miyezi itatu? Adzachirira m'manja mwake. Supuni yoyamba adzaigwira iye akuona, batani loyamba adzamanga iye akuombera m'manja. Adzabwera ali ndi nkhani zawo zoseka awiri, ine ndidzakhala uja wa bakuli.

Amadamu andichenjeza, ndaswa makapu awiri sabata ino. Anandifunsa ngati ndikufuna kupuma masiku angapo. Ndinakana, chifukwa ndikakhala pakhomo mutu umayenda kwambiri.

Musandiyankhe kuti pirira. Aliyense akunena zomwezo.

Fostina

Kabwata
19 Julaye

Amayi,

Moni kwa nonse. Kunda ali bwino. Ine ndachita chinthu.

Dzulo ndinapita kukampu kwa mkulu woona za mabanja a asilikali. Pageti ndinanama kuti wandituma ndi mkazi wa a Hector. Ndinanyamula khadi la kusikelo la Kunda, pamene palembedwa dzina la bambo ake. Ndinanena zonse, za pepala, za khadi la mwana wa Barbara, za ine kulowa ngati wantchito. Mkuluyo ndi bambo wa imvi. Anavula magalasi n'kundifunsa kawiri ngati ndikudziwa chimene ndikuchita. Anati cholembera sanachigwire, akhoza kukhala ngati sanamve, ndibereke mwana ndizipita. Ndinati alembe. Ndinati ine sindine wantchito wa Barbara, ndine mkazi wa a Hector, ndinalowa m'banja ndi ankhoswe. Analemba.

Ndinatuluka mtima uli myaa. Panjira ndinagulira Kunda chitumbuwa. Ndinkaganiza kuti angofafaniza dzina lake n'kulemba langa, monga aphunzitsi ankachitira m'kaundula kusukulu.

Lero khadi la Barbara lodikirira wodwala alanda. Langa sanandipatse. Pabedi palibe wodikirira, phala akuwamwetsa anamwino akapeza nthawi. Dzina la a Hector alichotsa pa ulendo wa pa 27 kufikira mlandu utaweruzidwa, ndipo milandu yotere ati imatenga miyezi. Dokotala wauza Barbara kuti dzanjalo silingadikire. Likayamba kuda adula.

Barbara anabwera kuno masana. Azimayi oyandikana nafe anatuluka ndi zotsuka zawo kuti aonerere ndewu, koma sanakweze mawu. Anaika pakhomo chikwama cha zovala za a Hector zimene anachapa, atazisita bwinobwino. Anati, “Unali kufuna mwamuna wako weka. Manje uzamutenga wa dzanja limozi.” Anasisita Kunda pamutu n'kumapita. Akanandimenya bwenzi kuli bwino.

Ndinathamangira kuchipatala. Namwino anatuluka kudzandiuza pageti kuti wodwala wanena kuti ndisabwerenso.

Amayi, munthu woyendetsa lole wopanda dzanja lamanja adzakhala chiyani? Anatuluka nalo m'moto, anthu amene anawaphera abale analimanga ndi nsanza osalidula, lafika nalo kwawo, ndiye lidulidwe ndi pakamwa panga. Ndipo pali china chimene sindingauze abusa, ndikuuza inu nokha. Pansi pa mantha onsewa pali kamtima kena kakang'ono kamene kakukondwa kuti Barbara sapita ku Joni. Ndakatukwana, ndakapempherera, kadakalipo.

Fostina

Kabwata
21 Julaye

Amayi,

Kondakitala ndamupempha kuti kalatayi asaisiye pa sitolo, aipereke kwa munthu wa njinga ifike lero lomwe. Moni. Werengani msanga.

Mpata wapezeka, koma ndi waung'ono. Ndinakagwa pamapazi a abusa a kukampu, iwo anakalankhula ndi mkulu wa imvi uja. Bwalo likhala Lolemba pa 25, naini koloko m'mawa. Ati zikachitika ziwiri, mlandu adzauika pambali kufikira a Hector atabwerako, ndipo Lachitatu adzakwera ndege okha, popanda wowaperekeza. Choyamba, Barbara asaine kuti sanakhalepo mkazi wawo ndipo nzeruyo inali ya iye ndi malemu mlongo wake. Chachiwiri, nkhoswe imene inamanga ukwati wathu iimirire pamaso pawo ndi kulumbira kuti ukwati weniweni ndi wanga. Popanda zimenezo ati ine ndine mkazi wa m'njira amene wabwera kudzasokoneza.

Nkhoswe ya a Hector inali a Killian, ali kumanda. Atsala amalume a Reuben okha.

Barbara wavomera pomwepo, osazengereza. Akasaina, mwana wake sadzalandiranso mankhwala kuchipatala chija, ndipo mwina apolisi adzamuitana. Abusa anamufotokozera zonsezo, iye anangofunsa kuti asaine pati. Abusa anati ndigwade ndimuthokoze. Ndinagwada. Koma ndili chogwada ndinkadzifunsa, kodi munthu angataye mankhwala a mwana wake chifukwa cha pepala chabe? Za lumo sindidzadziwa mpaka kufa. Koma izi ndaziona ndi maso, amawakonda. Ine ndinalimbira dzina, iye akulimbira dzanja, ndipo a Hector akadzachira adzadziwa anachita chiti ndi ndani. Ndidzakhala nazo zimenezo m'nyumba. Ndavomera, bola dzanja likhalepo.

Ndikudziwa kuti amalume anakwiya chifukwa tinatcha mwana dzina la kwa bambo ake osawafunsa, ndipo analumbira kuti za banja langa sadzalowereranso. Pitani mukagwade m'malo mwanga. Auzeni zonse, za pepala, za kukampu, musabise kanthu, adzanditukwanire konkuno pamaso pa anthu ngati afuna. Akafuna kumutcha mwana dzina lina adzamutche. Thonje lawo lisawachedwetse, wina awayang'anire. Atenge chitupa chawo ndi chithunzi chija cha pachinkhoswe pamene aima ndi a Killian, chili m'Baibulo lanu. Avale jekete, kuno kukuzizira. Kondakitala yemweyu ndapangana naye, awasungira malo pa basi ya Loweruka m'mawa. Ikawaphonya, ya Lamulungu ndi yomaliza. Ndidzakhala pa siteshoni masiku onse awiri ndi Kunda kumsana, basi iliyonse ya kum'mawa ndidzaiyang'ana.

Lero ndinazungulira kuseri kwa wodi n'kusuzumira pazenera akuwamasula mabandeji. Sanandione. Nsonga za zala ziwiri zasintha mtundu.

Amalume abwere, Amayi. Musagone musanawaone. Abwere.

Ndine mwana wanu,
Fostina